Mapaketi Makumi Awiri

Joni, 8 Juni 2024

Amayi,

Kwacha kozizira kwambiri lero. Udzu wa kuseri kwa fulati yathu wayera ngati authira mchere, ndipo madzi a pampopi akuluma zala. Mataksi akuliza mahutala pamsewu, ndiye palinso mbalame zina zikuluzikulu zotuwa zimene zimatera padenga n'kumakuwa ngati mwana wapsa ndi moto. Mafunde kuno kulibe. Ndikuganiza kuti ku Malindi mwera wayamba, ndipo asodzi akungosoka maukonde pamchenga.

Muli bwanji Amayi? Nanga amayi aang'ono a Matilda? Ine ndi achemwali a Enid tili bwino, kupatula chimfine.

Kalatayi ndapatsira a Simioni a thiraki ya katundu, chifukwa foni ya kunyumbako ndi ya amayi aang'ono, ndipo achemwali akamaimba ndimakhala ndili pambali pawo. Zimene ndikufuna kufunsa si za pafoni. Pakhosipo pali bwanji? Sindinaiwale m'mawa uja wa Januwale ndisananyamuke, pamene ndinakupezani kuseri kwa uvuni wowambira nsomba mukulavula chinangwa chimene chinakana kutsika. Munandigwira dzanja n'kunena kuti, "Misheck, Enid asamve mpaka amalize maphunziro ake mu Disembala. Wavutikira zaka zambiri." Ndinalonjeza, ndipo sindinanene.

Kusukulu ndili Giredi 10. Anzanga sindinawapezebe. Amangonditchula kuti Malawi, dzina langa safunsa. Pa buleki ndimakhala pafupi ndi mpanda n'kumaonerera. Loweruka achemwali amanditenga ku labu kwawo ku yunivesite, poti safuna ndizitsala ndekha.

Mumauza anthu kutchalitchi kuti achemwali ndi adokotala. Jasi yoyera amavaladi, koma odwala sawagwira. Ali ndi timbale m'kabati yofunda, ndipo m'timbalemo amawetamo khansa. Zoona Amayi. Amaithira timadzi tofiirira kuti idye, kenako amaidonthezera zimene afinya ku soya ndi masamba a cham'mwamba n'kumaona ngati ikusintha. Anandionetsa pa makina okulitsa tinthu tating'ono, ikuoneka ngati mazira a nsomba omwazika. Akuti ndi khansa ya kummero, imene yachuluka kwathu. Atanena choncho ndinapempha kupita kuchimbudzi.

Tatumiza bulangete ndi shuga. Bulangetelo ndi lanu, musasungire alendo. Buledi kuno ndi R20 ndipo sakhutitsa.

Mwana wanu,
Misheck


Joni, 6 Julayi 2024

Amayi,

Moni wa m'mawa uno. Ife tili bwino, chimfine chinatha. Kalata yanu a Simioni anandipatsa mobisa monga munawauzira, ndipo ndawerengera m'bafa.

Mwati tsopano ndi phala lokha, lamadzimadzi. Mwatinso a kuchipatala cha mishoni akulemberani kalata yopita nayo ku Blantyre kuti akakuunikeni pakhosi, koma simukufuna kupita chifukwa ulendo wotero sungabisike, amayi aang'ono adzauza achemwali. Ndamva. Ndaganiza za zimenezi masiku atatu m'kalasi, mpaka aphunzitsi a masamu anandiimiritsa.

Ku labu kuli mnzawo wa achemwali, a Jeffrey, wa ku Chipata ku Zambia. Nawonso ndi ophunzira, ndipo amagona pa basi chifukwa cha kutopa. Amanditchula kuti mlamu. Achemwali akamva amawagenda ndi golovesi n'kunena kuti, "Mlamu wanu ndani, malizani kaye kutsuka mabotolo." Iwo amangoseka. Ndi munthu yekhayo kuno amene amandifunsa ngati ndadya.

Awiriwa akhala zaka zitatu akukonza ufa wa odwala khansa ya kummero. Uli m'mapaketi onyezimira, lililonse ndi nambala yake, ndipo amaperekedwa kwa odwala ku chipatala chachikulu. Makiyi a kabati yake amasunga ndi a Jeffrey. Sabata yatha ndinamva achemwali akuuza apulofesa awo kuti bambo wina amene anabwera atanyamulidwa tsopano akuyenda yekha, ndipo sikelo ikukwera.

Amayi, m'katoni ya sopo, pansi penipeni, muli masokosi anga akuda. M'masokosimo mupeza mapaketi khumi. Muzithira theka la paketi m'kapu ya madzi ofunda m'mawa uliwonse, muzimwa pang'onopang'ono. Achemwali sakudziwa, ndipo pafoni musatchule. A Jeffrey anasiya makiyi patebulo popita kukagula chipisi, ndipo kabatiyo ndi yodzaza mpaka pamwamba, palibe angaone. Inu mukudziwa kuti sindinatengepo cha munthu chibadwire. Ndinaima pamenepo nthawi yaitali ndisanatsegule.

Sopoyo mugawane ndi amayi aang'ono. Masokosi mudzabweze, kuno kukuzizirabe.

Misheck


Joni, 3 Ogasiti 2024

Amayi,

Ndikhulupirira kalatayi ikupezani muli ndi mphamvu. Kuno tili bwino. Kukuomba mphepo ya fumbi yochokera ku milu ya migodi, ndipo zovala pachingwe zimauma zili zofiira.

Kalata yanu ndaiwerenga katatu. Mwati mankhwala a ku Joni ndi amphamvu, mwadya nthochi yathunthu ndipo yatsika. Mwati kalata ya ku Blantyre mwaipinda n'kuiika m'buku la mapemphero chifukwa sikufunikanso. Tsiku limenelo ndinayenda wapansi kuchokera kusukulu mpaka kunyumba ndikuimba nyimbo ya kwaya, anthu akundiyang'ana. Achemwali anafunsa kuti ndakhoza mayeso kapena ndapeza chibwenzi. Ndinati mayeso.

Ndatumizanso ena khumi, malo omwewo. Ulendo uno kabati ija ndinangotsegula osaima n'komwe, ndipo zimenezo ndiye zikundiopsa.

Achemwali akutopa. Amadya ataimirira, laputopu ili pamwamba pa furiji. Akulemba buku lawo lomalizira, ndipo akalakwitsa amadzitukwana m'Chiyao ngati asodzi a kugombe. Anandigulira jekete ya kaunjika ya R150, yaikulu pang'ono, akuti ndidzakuliramo. Dzulo anati pa mwambo wolandira digiri adzakukwezani ndege, ndipo mudzavale nsalu yanu yabuluu ya Umodzi wa Amayi kuti apulofesa adzaone kumene iwo anachokera. Anati, "Amayi aja anandiphunzitsa ndi usipa, Misheck. Buku lililonse limene ndinawerenga linkanunkha utsi." Ine ndinangoyang'ana m'mbale.

Za utsi womwewo: ndinawamva akuuza ophunzira atsopano kuti utsi wa nkhuni ndi tiyi wotentha kwambiri akuziganizira kuti zimathandizira matenda a kummero. Chonde siyani kukhala pa uvuni. A Mwanamvua oyandikana nafe aja angathe kumakuwambirani, muziwagawira nsomba. Tiyi muzidikira azizire kaye. Thandala loyanikira usipa ngati lathyoka mwendo uja, lisiyeni, ndidzakonza mu Disembala.

Za ku Blantyre, kaya. Thupi ndi lanu, mukulimva ndinu. Kalatayo musataye basi.

Mwana wanu,
Misheck


Joni, 31 Ogasiti 2024

Amayi,

Moni. Tili bwino. Werengani kalatayi muli nokha, ndipo muiwerenge mpaka kumapeto.

Lero masana ndimadya chipisi ndi a Jeffrey pa masitepe a labu. Ndinawafunsa ngati mocheza kuti ufa uja umachiza pakatha masiku angati. Anaseka mpaka kutsamwa.

"Mlamu, ufa suchiza khansa. Chija ndi chakudya. Wodwala akamalandira mankhwala enieni a dripu thupi limafooka, ambiri amasiyira panjira. Ife tikufuna tione ngati ufawu ungamugwirizize mpaka amalize."

Ndinati, "Nanga bambo anayamba kuyenda uja?"

"Ujayo ali pa dripu mwezi wachitatu. Ndiponso sitikudziwa chimene akumwa. Theka la mapaketi aja ndi ufa wathu, theka linalo ndi phala wamba la chimanga, timangofananitsa mtundu ndi kakomedwe."

"Ndiye enieniwo ndi ati?"

"Ine sindidziwa, achemwali ako sadziwa, apulofesa sadziwa. Manambala ali mu kompyuta ya munthu wina ku Pitoliya, adzatsegula kafukufuku akatha. Timatero kuti tisadzinamize. Munthu akakhulupirira kuti wamwa mankhwala amamva bwino sabata ziwiri zitatu, ngakhale wamwa phala la ana."

Ndinasiya kudya. Ndinafunsa za munthu amene angamwe ufawo osapita kuchipatala.

"Chotupa chimangokula. Pa matenda amenewa mwezi umodzi ndi wautali, ambiri amatipeza khosi litatseka kale. Mafunso onsewa, ukufuna udzatilande ntchito?"

Ndinati eya, iwo n'kundiwonjezera chipisi chawo.

Amayi, ndinakutumizirani chinthu chimene sindinkachidziwa. Mwina mwakhala mukumwa phala la chimanga, chimene chili kale m'nkhokwe ya amayi aang'ono. Ngakhale utakhala ufa weniweniwo, si mankhwala. Munapinda kalata ya ku Blantyre chifukwa cha ine, ndipo papita miyezi iwiri. Chonde itulutseni m'bukumo. Uzani amayi aang'ono, mupite sabata ino. Kapena ndimasuleni pa lonjezo lija ndiwauze achemwali.

Ndinayesa madzulo ano. Ndinafika mpaka pakhomo la chipinda chawo. Ndinawapeza akuvina okha opanda nyimbo, chifukwa apulofesa avomereza chigawo chachitatu cha buku lawo. Anandikoka kuti tivine. Ndinavina.

Sinditumizanso mapaketi. M'katoni muli machesi ndi mafuta ophikira basi.

Misheck


Joni, 28 Sepitembala 2024

Amayi,

Moni kwa inu ndi amayi aang'ono. Kuno kwayamba kutentha, mitengo ya m'misewu yayamba kuphuka maluwa. Thupi langa lili bwino.

Yankho lanu ndi mizere inayi. Mwati ndinalonjeza pamaso panu, yatsala miyezi itatu yokha, ndipo mukupeza bwino ndithu. Koma zilembo zanu zasintha, Amayi. Kale munkadinda cholembera mpaka pepala kuboola. Izi zikuoneka ngati mwalemba mutagona.

Lamulungu lija achemwali ataimba, ndinali pomwepo. Anafunsa kuti mawu asasa bwanji, inu munati ndi utsi. Atadula foni anati, "A Simioni akuti amayi achepa thupi. Iwe amakulembera chiyani m'makalata mwanumo? Usaganize kuti sindiona." Ndinati za nsomba ndi za kwaya. Anandiyang'ana nthawi yaitali n'kubwerera ku laputopu.

Ku labu kwavuta. Kunabwera mayi wina woyendera kafukufuku, anakhala masiku awiri akufananitsa mapaketi ndi manambala. Makumi awiri sakuoneka. Ndimaganiza kuti poti kabati ndi yodzaza palibe angadziwe, koma paketi lililonse linali ndi wodwala wake amene amaliyembekeza. Apulofesa alanda makiyi kwa a Jeffrey ndipo awauza kuti ayambe akhala kunyumba mpaka komiti ikumane. Ena akunong'ona kuti amagulitsa kwa asing'anga a m'tauni. Achemwali anakangana ndi apulofesa poikira a Jeffrey kumbuyo, anabwera maso ali ofiira. Akuti a Jeffrey akachotsedwa, chitupa chawo chokhalira kuno chitha, abwerera ku Chipata opanda kanthu patatha zaka zinayi.

Lero a Jeffrey anabwera kudzatenga kapu yawo ndi jekete. Anandipeza pa masitepe. Anati, "Mlamu, nkhope imeneyo bwanji? Zinthu zimasowa. Werenga masamu." Anandisiyira chipisi chonse, akuti alibe njala.

Sindinadye. Ndinachipatsa mlonda wa pageti.

Amayi, mbali ino kuli lonjezo langa kwa inu, mbali inayo kuli khosi lanu ndi munthu wosalakwa. Sindikupemphaninso chilolezo. Ndikungokudziwitsani kuti ndatopa.

Misheck


Joni, 6 Okutobala 2024

Amayi,

Kalata iyi sikubwera ndi a Simioni. Akupatsani ndi achemwali pamanja, akwera basi mawa m'mawa. Ndiye mwadziwa kale kuti ndaphwanya lonjezo.

Ndinawauza dzulo ku labu. Anali atavala magolovesi, akuthira timadzi tofiirira tija m'timbale. Ndinayambira ku mapaketi chifukwa ndimaona ngati ndiwo mlandu waukulu. Sanatembenuke. Anangofunsa kuti, "Unapita nawo kuti?" Ndinati ku Malindi. Dzanja lawo linaima.

"Akudwala ndani ku Malindi?"

"Amayi. Chakudya sichitsika."

"Kuyambira liti?"

"Ndinaona mu Januwale."

Anaika kabotolo pansi bwinobwino. Anayamba kuwerenga miyezi pa zala za magolovesi, Januwale, Febuluwale, mpaka dzanja limodzi linatha n'kupita linalo. Ndimayembekeza khofi, ndipo ndikanalilandira. Sanandimenye. Anati, "Miyezi isanu ndi inayi. Ine ndili pano Loweruka lililonse kudyetsa khansa ya munthu amene sindimudziwa, iwe utakhala apo ukundiyang'ana."

Ndinati munandilonjezetsa, kuti iwo amalize.

"Ndimalize kuti ndidzaonetse ndani?"

Kenako anavula magolovesi, anasamba m'manja, n'kuimbira apulofesa. Ananena zonse, ndi dzina langa lomwe, ndiponso kuti kulakwa ndi kwawo polowetsa mwana mu labu. Atatha anaimba nambala ina n'kundipatsa foni. Anali a Jeffrey. Ndinawauza. Kenako anati, "Madzi akumeza?" Ndinati sindikudziwa. Anati, "Upatse achemwali ako foniyo." Dzina la mlamu sanatchule.

A Jeffrey abwerera kuntchito Lolemba. Za achemwali komiti idzaona, koma za Disembala zalephereka, apulofesa anena kale. Chimene munkatetezacho ndachiwononga ndine, ndi mapaketi aja, osati ndi pakamwa panga. Ine nditsala kuno mpaka mayeso athe. Ndizigona kwa a Jeffrey, anadzipereka okha. Sindikudziwa kuti ndizikayang'ana pati.

Musawakalipire achemwali, ndipo musawauze kuti muli bwino, ameneyo ndi munthu woti khosi la munthu amalidziwa mkati mwake. Mundikwiyire ine mmene mungafunire, koma mukwere nawo galimoto ya ku Blantyre.

Masokosi aja musavutike nawo.

Mwana wanu,
Misheck


Malindi, 14 Disembala 2024

Achemwali,

Moni kuchokera kunyumba. Ndikhulupirira muli bwino, ndi a Jeffrey omwe. Ndafika Lachinayi. Mvula yagwa kawiri, nyanja yada ndi matope a m'mitsinje, ndipo usipa ukusowa.

Sabata imene tinakhala limodzi mutabwerera ku Joni kukaonekera ku komiti sitinalankhule zambiri. Ndinaona kuti simungathe, inenso sindikanatha. Ndiye ndikulemba.

Zambiri mwamva kale pafoni. Amayi anawaika kapaipi pakhosi. Adokotala anauza amayi aang'ono zomwe anakuuzani inu, kuti chotupacho chinakula kwambiri moti sangachidule, kapaipiko n'kongotsegula njira ya chakudya. Phala likutsika tsopano, ndi msuzi wa nsomba wosefa. Ndikuphika monga munalembera papepala: soya, nsinjiro, dzira, osatentha, pang'onopang'ono kasanu ndi kamodzi patsiku, atakhala tsonga. Dzulo anamaliza kapu yonse n'kunena kuti mchere ndachepetsa ngati mzungu.

Pali china chimene pafoni sanakuuzeni. Mu Okutobala mutafunsa za mapaketi anati anamwa onse. Dzulo anandituma kukatenga mpango wawo wa Umodzi wa Amayi m'chitini cha mabisiketi, ndipo pansi pa mpangowo ndinapeza mapaketi khumi ndi atatu osatsegula. Ndinapita nawo pamkeka pomwe anagona.

Anati, "Asanu ndi awiri ndinamwadi. Kenako ndikamwa ankabwerera."

"Nanga nthochi ija?"

"Nthochi ndinaisenda, anadya ndi mwana wa Mwanamvua."

"Ndiye munalemberanji kuti mukupeza bwino?"

"Unali utaba chifukwa cha ine. Ndikanakuuza kuti waba pachabe?"

Anatinso kalata ya ku Blantyre akanaipinda ndithu, ufa kapena popanda ufa, ndiye ndisiye kuyenda ngati ndapha munthu. Mwina akunena zoona. Mwina akungondinamizanso ngati za nthochi. Chimene ndikudziwa n'chakuti pakamwa ndinali napo kuyambira Januwale.

Mapaketiwo ndapatsira a Simioni, ali m'katoni ya usipa wanu, pamwamba, osabisa. Muwapereke kwa a Jeffrey, mwina komiti iwafuna. Tsiku limene a ku Pitoliya adzatsegule manambala, musadzandiuze kuti anali ati.

Mu Januwale sindibwera. Ndalankhula ndi ahedi a sekondale ya masana ya kuno, akuti anditenga Fomu 3 mukatumiza makalata a kusukulu. Jekete mupatse mlonda wa pageti, kuno sifunika. Inu malizani buku lanu. Komiti yakupatsani mpaka Juni, ndipo Amayi akuti nsalu yabuluu ija aichapa kale. Sindinawayankhe za Juni. Ngati mungathe kubwera Pasaka isanafike, bwerani.

Thandala lija ndakonza mwendo.

Thiraki ya a Simioni inatsitsa anthu atatu pa Mangochi: bambo wina wa ku Katuli amene anathyoka mkono pa ntchito ya zomanga, mayi wina wa ku Chiponde ndi mwana wake, kenako ine ndinatsikira pa Malindi. Amayi ndi amayi aang'ono anafika Lachiwiri kuchokera ku Blantyre. Anabwera pa minibasi mpaka pa boma, kuchoka apo pa galimoto ya tchalitchi. Amayi anatsika okha, anakana kugwiridwa, anayenda mpaka pakhonde n'kukhala pansi. Panyumba pano tilipo atatu.

Mlongo wanu,
Misheck